Penti ya ufa yomwe inasupuka ku Chigumula

Ndimayang'anira shopu yopenta zitsulo ku Chirimba. Ntchito ya penti ndaigwira zaka 17, ndipo zisanu ndi chimodzi zomalizazi ndakhala pa powder coating, yomwe anyamata anga amangoti penti ya ufa: umapopera ufa wouma pa chitsulo n'kuuwotcha mu uvuni. Lipotili ndi la ntchito imodzi yomwe inatilaka, zomwe tinapeza titaifufuza, ndi momwe tinaibwerezera. Ndalilemba chifukwa makina a ufa akuchuluka mu Blantyre, ndipo ndikamadutsa m'Namiwawa kapena ku Nyambadwe ndimaona zipata zikusupuka mofanana ndendende ndi momwe zathu zinasupukira.

Momwe ntchito inabwerera

Mu June 2022 kontilakitala wina, yemwe ankamanga mafulati osanja ku Chigumula, anatibweretsera zitsulo zogwirira pakhonde ndi pamasitepe zokwana 58, pamodzi ndi zipata ziwiri. Wowotcherera wake anazipanga ndi mapaipi a makona anayi ochokera ku South Africa, aja amabwera atakutidwa kale ndi zinki ngati malata. Ankafuna mtundu wakuda wosawala, ndipo anatipatsa milungu iwiri.

Nthawiyo inali yowawa kwa aliyense wodalira magetsi. Namondwe wa Ana anali atagumula damu la Kapichira mu January chaka chomwecho, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, choncho magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Mu May kwacha inachepa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo chilichonse chomwe timaitanitsa kunja, ufa wa penti ndi mankhwala otsukira chitsulo, chinakwera mtengo n'kuyamba kusowa. Mankhwala athu a fosifeti, okonzera chitsulo kuti penti igwire, anali atatha. Ndinaganiza kuti popeza mapaipiwo ali kale ndi zinki, tingowapukuta ndi thinala, kuwadutsitsa sandipepa, basi n'kupopera. Chiganizo chimenecho chinali changa, palibe anandikakamiza.

Tinapopera ufa wa polyester ulendo umodzi, tinawotcha mu uvuni, katundu anatuluka wokongola. Geji yoyezera kukhuthala kwa penti inkaonetsa mamaikiloni 80 mpaka 90 (mamaikiloni 1,000 ndiwo milimita imodzi), ine n'kusayina kuti ntchito yatha.

Zomwe ndinakapeza ku Chigumula

Foni inabwera kumapeto kwa January 2023, mvula ili mkati. "Achimwene," anatero kontilakitala uja, "munandiuza kuti imeneyi ndi penti yamakono, siithothoka ngati ya bulashi. Bwerani mudzaone nokha, eni nyumba akundisowetsa mtendere."

Ndinapita m'mawa wotsatira ndi mnyamata wanga wamkulu, yemwe anaphunzira ku Soche Technical College. Pa khonde la nyumba yam'mwamba ndinalowetsa chikhadabo pomwe penti inatukuka, n'kukoka. Inasendeka yonse ngati khoko la nthochi, kachidutswa kotalika kuposa chala, kosang'ambika, kolimba bwinobwino. Nditakatembenuza, kunsi kwake kunali kufumbi koyera ngati ufa wa chinangwa, ndipo chitsulo chomwe chinatsala poyera chinali ndi ufa womwewo. Penti inali yabwino. Inangokhala kuti sinagwire chitsulo kuyambira tsiku loyamba, inagwira ufa woyerawo.

Titayenda malo onse tinaona kuti matenda sanali amodzi. Pathyathyathya pa mapaipi penti inkasendeka momwe ndafotokozeramu. Pomwe panawotchereredwa panali dzimbiri lofiira lomwe linkatuluka pansi pa penti n'kumayenderera ngati misozi. M'makona a mkati, pomwe kachitsulo kowongoka kakumana ndi kopingasa, penti inali yopyapyala kwambiri moti zinki inkaonekera. Ndiye panali zitsulo 11 za pamasitepe a kumbuyo zomwe penti yake inkakandika ndi kiyi wa galimoto mosavuta.

Tinamasula zitsulo zinayi, chimodzi pa vuto lililonse, n'kupita nazo ku shopu.

Kuyeza

Choyamba chinali kudula timizere ndi mpeni, motsatira ISO 2409, muyezo wa padziko lonse woonera ngati penti yagwira: umadula mizere yopingasana mpaka kufika pa chitsulo, n'kumata tepi, n'kukoka. Zotsatira zimayambira pa 0, pomwe palibe chathothoka, kufika pa 5. Pathyathyathya tinapeza 4 ndi 5. Timabwalo tonse tinkapita ndi tepi.

Chachiwiri chinandichititsa manyazi. Geji yathu imagwira ntchito ndi maginito, ndiye imayeza mtunda wonse kuchoka pamwamba pa penti kukafika pa chitsulo chenicheni. Zinki sikokedwa ndi maginito, choncho geji imaiwerengera pamodzi ndi penti. Titayeza paipi yotsala yosapenta tinapeza zinki yokha ili pafupifupi mamaikiloni 20. Apa ndiye kuti 80 uja ndinasayinira anali penti ya 60 basi, ndipo m'makona, momwe geji sinkalowa n'komwe, inali yosakwana theka la pamenepo.

Chachitatu tinanyowetsa kansalu koyera ndi MEK, mankhwala osungunula amphamvu onga thinala, n'kupukuta kupita ndi kubwerera. Penti yopsa bwino imangozimirira pang'ono kuwala. Pa chitsulo cha masitepe a kumbuyo kansalu kanada bii tisanafike patali, penti n'kuyamba kumata zala. Sinapse. Mnyamata wanga anakumbukira tsiku lake: magetsi anazima uvuni utangofika pa madigiri 180, tinadikira jenereta, kenako tinangowonjezera mphindi zochepa mongoganizira. Ufa wa polyester womwe timagwiritsa ntchito umafuna kuti chitsulocho, osati mpweya wa mu uvuni, chikhale pa madigiri pafupifupi 180 kwa mphindi 10 mpaka 15. Wotchi yoonetsa kutentha ya pa uvuni imawerenga mpweya. Chitsulo chokhuthala chimachedwa kutentha, ndipo za masitepe zinali ndi mapuleti okhuthala kumapazi. Ufa unasungunuka n'kuoneka wosalala, koma sunamangane mkati.

Ufa woyera uja unachokera kuti

Apa ndipomwe panagona nkhani yonse, choncho ndichedwapo.

Kukuta chitsulo ndi zinki si nzeru yatsopano. Stanislas Sorel wa ku France analembetsa njira yoviika chitsulo mu zinki yosungunuka mu 1837, ndipo mpaka lero mphika wake umatentha pafupifupi madigiri 450. Ubwino wa zinki ndi woti imadyeka m'malo mwa chitsulo: pakakandika, zinki yozungulira ndiyo imayamba kutha, chitsulo n'kupulumuka. Ikakhala pa mphepo yabwino kwa miyezi, zinki imadzipangira kakhungu kotuwa kolimba komwe kamaiteteza. Koma ikanyowa ili mothinana, pomwe mphepo siidutsa, imatulutsa dzimbiri loyera lofumbutuka. Aliyense amene anasungapo malata atsopano ataunjikana panja nthawi ya mvula analionapo.

Zitsulo za ku Chigumula zinafika pa shopu sabata ya chiperoni. Amene amakhala ku Blantyre akuidziwa nkhungu ija imabwera kuchokera ku Mozambique mu June ndi July, yosagwa ngati mvula koma yonyowetsa chilichonse. Tinaziunjika panja, chimodzi pamwamba pa chinzake, masiku anayi, podikira kuti uvuni umalize ntchito ina. Madzi analowa pakati pake n'kukhazikika. Titabwera ndi thinala ndi kansanza, tinangopaka dzimbiri loyera ndi mafuta a ku fakitale kuchoka kuno kupita uko. Thinala amasungunula mafuta, koma akauma mafutawo amatsala pomwepo, ongofalikira. Sandipepa ya pamanja inafika malo ena, ena ayi. Ufa wa penti unagwera pa fumbi limeneli, n'kuwotchedwa pamwamba pake. Mvula itayamba, chinyontho chinalowera m'timabowo ting'onoting'ono tomwe mpweya wochokera mu zinki unaboola penti ikupsa, dzimbiri loyera n'kukula pansi, penti n'kutukuka.

Pomwe panawotchereredwa nkhani inali ina. Moto wa welding umapsereza zinki yonse mozungulira, chifukwa zinki imasanduka nthunzi pa madigiri 907 pomwe chitsulo chimasungunuka kupitirira 1,400. Ndiye pa mfundo iliyonse panali chitsulo chamaliseche, chokhala ndi zotsalira za ndodo yowotcherera, popanda choteteza china kupatula penti yopyapyala. (Utsi woyera wa zinki umenewu ndi uja umadwalitsa owotcherera malungo a usiku umodzi, mutu ndi kunjenjemera. Ambiri kuno amati ukamwa mkaka watha. Mkaka suteteza mapapo. Chofunika ndi kupala zinki pomwe ukufuna kuwotcherera, kugwira ntchito pamphepo ndi kuvala masiki yoyenera.)

Za makona ndi mfuti

Mfuti ya ufa, chida chomwe timapopera nacho ufawo, ndi chinthu chodabwitsa, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake anthu amaikhulupirira mopitirira muyeso. Nzeru yopatsa penti mphamvu ya magetsi kuti izidzikokera yokha ku chitsulo inakula ndi Harold Ransburg ku Indianapolis m'zaka za m'ma 1940, pomwe ankafuna kuchepetsa penti yotayika m'malere. Kukuta chitsulo ndi ufa wouma kunayamba ku Germany m'zaka za m'ma 1950, Erwin Gemmer atapeza njira yoviika chitsulo chotentha mu ufa wowuluzidwa ndi mpweya. M'zaka za m'ma 1960 nzeru ziwirizi zinakumana, n'kubadwa mfuti yomwe tili nayo lero. Ukaigwira koyamba n'kuona ufa ukuzungulira paipi n'kukamata kuseri komwe sunaloze, umaona ngati matsenga. Palibe thinala, palibe fungo lopweteka mutu, ndipo ufa wogwa pansi umatha kuusefa n'kuugwiritsanso ntchito.

Koma magetsi omwewo ali ndi khalidwe lake. Amathamangira m'mphepete ndi pansonga, m'kona ya mkati salowamo. Akatswiri amati Faraday cage. Mnyamata amene ankapopera anaika mfuti pa makilovoti 90, poganiza kuti mphamvu zikachuluka ufa ugwira kwambiri. M'makona zimatembenuka: mphamvu zikachuluka, ufa umakanirira m'mbali mwa kona, mkati n'kutsala mwamwayi. Titayang'ana ngowe zomwe timapachikira katundu tinapezanso kuti zinali zitakutidwa ndi penti yakale ya mitundu isanu ndi umodzi, yokhuthala ngati chikhadabo, moti chitsulo sichinkalumikizana bwino ndi waya wa earth wopita m'nthaka. Popanda kulumikizana kumeneko ufa sukoka bwino.

Chomwe ndinazindikira ndikuwerenga za makinawa n'chakuti nzeru zokonzera chitsulo zinabwera kale mfuti ya ufa isanabadwe. Benjamin Tilghman wa ku Philadelphia analembetsa makina owombera mchenga mu 1870. Thomas Coslett wa ku England analembetsa njira ya fosifeti mu 1906. Mafakitale omwe anayamba kugwiritsa ntchito ufa anali kale ndi matanki otsukira ndi makina owombera, mfuti inangobwera kumapeto kwa mzere. Ife kuno timagula mfuti ndi uvuni, zomwe zimaoneka ndi maso a kasitomala, zapakatizo n'kuzidumpha. Ndinganene mosabisa kuti shopu yokhala ndi mfuti yodula koma yopanda tanki yotsukira ndi yoopsa kuposa mmisiri wa bulashi wodziwa kupala dzimbiri, chifukwa penti ya ufa imabisa cholakwa mokongola mpaka ndalama zitalipidwa.

Mkangano wa momwe tikonzere

Kontilakitala ankafuna njira yachidule. "Bwana, tangotumizani anyamata ndi enamelo wakuda, apale pomwe pasupukapo, apake. Anthu alowe m'nyumba."

Ndinakana, ndipo tinavutana kwa sabata. Enamelo wa mafuta, uja wa alkyd amagulitsidwa m'mahadiweya a ku Limbe, sagwirizana ndi zinki. Mafuta ake akakumana ndi zinki pamodzi ndi chinyontho amapanga chinthu chonga sopo pansi pa penti, ndipo pakapita miyezi penti imasendeka. N'chifukwa chake denga la malata atsopano lopakidwa gilosi limafundula. Komanso pomwe penti yathu inkaoneka yabwino, pansi pake panali fumbi lomwelo, kungoti nthawi yake inali isanakwane. Ndinamuuza kuti tizichotsa zonse 58 ndi zipata zomwe, ntchito ndi ufa ndilipira ine, iye alipire zonyamulira ndi kumanganso. Anavomera atadula yekha timizere pa chitsulo chomwe anasankha yekha kuti ndi chabwino, tepi n'kubwera yakuda.

Tisanayambe, namondwe wa Freddy anagwa mu March 2023. Wina mwa anyamata athu ankakhala ku Chilobwe ndipo nyumba yake inapita ndi matope. Shopu inatseka milungu ingapo, palibe amene ankaganiza za zitsulo za pakhonde. Tinagwirizana zodikira mpaka August, mphepo itauma.

Momwe tinabwerezera

Penti yakale tinaichotsa ndi makina owombera mchenga. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndingotenga mchenga wa mumtsinje, kuusefa n'kuuyanika, popeza ndi waulere. Mchenga wa mumtsinje uli ndi silika, ndipo ukaphwanyika pa chitsulo umasanduka fumbi losaoneka lomwe limakhazikika m'mapapo n'kuwaumitsa. Matenda ake alibe mankhwala, ndipo munthu wotero TB imamugwira msanga. Ku Britain analetsa kuwombera ndi mchenga wotere zaka zoposa 70 zapitazo. Tinagula garnet, timiyala tolimba togaya towombera nato, yodula ndithu, koma tinkaisefa n'kuibwereza kangapo, ndipo wowombera ankavala chisoti cholandira mpweya kuchokera panja.

Poyamba ndinkafuna kupulumutsa zinki powombera mopepuka. Zinakanika. Zinki ya mamaikiloni 20 ndi yopyapyala kwambiri, ndipo mphamvu yofunika kuchotsa penti yopsa inkapita nayo limodzi. Tinasiya kudzinamiza, tinazitenga ngati chitsulo wamba n'kuwombera mpaka mulingo wa Sa 2½ wa ISO 8501-1, pomwe chitsulo chimaoneka chotuwa mofanana ponseponse, chokhakhala pang'ono ukachikhudza ndi golovesi. Mfundo zonse za welding tinazipera ndi girayinda, ndipo mabowo ena omwe wowotcherera anasiya tinawatseka, popeza madzi ankalowera pamenepo n'kukhala m'kati mwa paipi. Kunsi kwa chitsulo chilichonse tinaboola kabowo kotulutsira madzi.

Lamulo linali loti chowomberedwa m'mawa chipentedwe tsiku lomwelo, ndipo chisagone panja. Ndinagula kachida koyezera chinyontho cha mumpweya ndi kutentha kwa chitsulo. Chitsulo chiyenera kutentha madigiri osachepera 3 kuposa pomwe mame amayambira kugwa, ndipo chinyontho chisapitirire 85 peresenti. Ngakhale mu August, m'mawa wina ku Chirimba tinkadikira mpaka 9 koloko kuti manambala alole.

M'malo mwa fosifeti tinayesa mankhwala a zirconium, omwe anayamba kufala m'mafakitale m'zaka za m'ma 2000. Anandikopa pa zifukwa ziwiri zakwathu kuno. Safuna kutenthetsa tanki, ndiye magetsi akazima ntchito yotsuka siiyima. Komanso sasiya matope ambiri pansi pa tanki ngati fosifeti ya zinki, ndipo aliyense amene anaimapo pa mlatho wa Mudi n'kuona mtundu wa madzi ake akudziwa kuti mafakitale a mzinda uno tathiramo zokwanira. Madzi otsukira timawasunga m'tanki, kuwayeza asidi ndi kuwakonza tisanataye. Tikatsuka, timathira madzi oyera pa chitsulo n'kuyang'ana: akayenda ngati chinsalu chimodzi ndiye chayera, akaduka n'kupanga timadontho ndiye mafuta akadalipo, chibwerere mu tanki. Kuyeza kumeneku sikufuna ndalama, ndipo tikanakuchita mu June 2022 sitikanafika kuno.

Tinapopera kawiri. Pansi ufa wa epoxy wokhala ndi zinki, kuti ubwezere chitetezo chomwe tinachotsa, n'kuuwotcha mwatheka kuti wapamwamba udzagwire. Pamwamba polyester, chifukwa epoxy payokha imatuwa n'kufumbutuka ndi dzuwa. Zonse pamodzi zinkakwana mamaikiloni 130 mpaka 160, ndipo ulendo uno geji inkanena zoona popeza pansi panali chitsulo chokha. M'makona tinkayambira momwemo, mfuti itatsitsidwa kufika pa makilovoti 40 kapena 50 ndi mpweya wochepa, kenako n'kukweza pathyathyathya. Ngowe zonse tinazipala mpaka chitsulo kuwala, ndipo tsopano zimapalidwa Lachisanu lililonse.

Pa uvuni tinamangirira kawaya koyezera kutentha pa puleti lokhuthala kwambiri la ulendo uliwonse. Nthawi imayamba kuwerengedwa kawayako kakafika pa 180, osati wotchi ya pakhoma. Tinadabwa kuona kuti mapuleti a masitepe ankachedwa ndi mphindi pafupifupi 12 poyerekeza ndi mpweya. Magetsi akazima pakati, timayambiranso kuwerenga, ndipo ulendo umenewo umayezedwa ndi MEK usanatuluke pageti. Pa ulendo uliwonse tinkapachikanso kachidutswa ka paipi yomweyo koti tidulepo timizere, kuti tisawononge katundu wa mwini. Zidutswa zonse zinapereka 0 kapena 1, ndipo ndinazilemba deti n'kuzisunga m'bokosi.

Pomanganso ku Chigumula ndinapempha kuti asawotchererenso pamalopo, amange ndi mabawuti a zinki. Malo anayi analephera, anawotcherera ndithu. Pamenepo tinapala, tinapaka epoxy ya zinki ya madzi ndi bulashi, pamwamba polyurethane yakuda, masana dzuwa litakwera.

Zomwe zatsatira

Ntchito yobwereza inatenga milungu isanu, ndipo inatidyera ndalama pafupifupi kawiri zomwe tinalandira poyamba. Mwayi unali woti ufa tinagula kwacha isanachepenso mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023.

Ndinakayendera mu April 2024 ndi mu May 2025, mvula itatha. Zitsulo zonse 58 ndi zipata zilibe potukuka kapena posendeka. Chipata chachikulu chakandika pomwe loko amagunda, tinapakapo. Pa malo anayi aja owotcherera pamalopo, amodzi ayamba kuonetsa kadontho ka dzimbiri m'munsi, ndipo mtundu wake watuwa pang'ono kusiyana ndi ufa. Kontilakitala uja wabweretsanso ntchito ziwiri, ndipo ulendo wachiwiri anafika ndi zitsulo zake atazifunditsa tenti, atazilekanitsa ndi timatabwa kuti mphepo idutse. Pamalo a dzimbiri paja ndidzabwererako mu September ndi sandipepa ndi kachitini ka epoxy.